Ndamusainira Makame

Okondedwa Azakhali Bi Mwatima,

Moni wochokera kuno ku Unguja. Ndikhulupirira kuti ku Wete kuli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani.

Kodi ndani anati munthu wofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo asathandizidwe mpaka wachibale amusainire? Kuchipatala kumene ndikuthandizako ntchito aliyense amangoti ndi lamulo. Nanga amene akubisira abale ake apite kuti? Nditawafunsa akulu athu, Bwana Shaame, anaseka. "Mwanawe, digiri yako inki siinaume, ukufuna kale kuphunzitsa boma?" Aseke. Kalata yopita ku unduna ndalemba kale, anthu makumi anayi asainapo, ndipo lamuloli lisintha, muona.

Lachiwiri anabweza anthu atatu pakhomo pa chipatala chifukwa analibe wowasainira. Mmodzi anaphimba nkhope ndi chipewa, koma kayendedwe ka kwathu sikabisika. Azakhali, anali Makame, mwana wanu; sali pa sitima yapamadzi monga amakuuzirani pafoni. Wawonda, koma anabwera yekha, popanda womukoka. Zina akuuzani mwiniwake, musamukalipire.

"Achemwali, chonde musawauze amayi," anatero.

Sindinamulonjeze. Ndinatenga fomu, pamzere wa wachibale ndinalembapo dzina langa, n'kumulowetsa kwa dokotala.

Ndine mwana wanu,
Zuwena