Kiyi wa Nyumba ya Pamtunda

Rawalpindi,
mwezi wa Meyi.

Kwa mng'ono wanga Rozi Ali, ku Brakthang,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa inu ndi pa onse a m'nyumba mwanu. Ndikufuna kumva za moyo wanu, makamaka chifuwa chija chinakuvutani m'nyengo yozizira, ngati chinakusiyani. Ndikufunanso kumva za alamu, ngati mawondo akuwalola kukwera kumunda. Ine kuno ndilipo. Diso lamanzere madokotala analikonza ndipo likuona, n'chifukwa chake ndatha kulemba ndi dzanja langa. Zilembo zikapindika mundikhululukire. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira.

Za kuno si zambiri. Kutentha kwafika poti munthu amatuluka thukuta atangokhala. Tiyi wawo ndi wa shuga, mchere sathira ngati kwathu, ndipo batala wa m'sitolo alibe fungo la ng'ombe. Zipatso zouma za apurikoti munatumiza zija ndikudya pang'onopang'ono. Kumzikiti ndapeza nkhalamba ina ya kumapiri kwathu. Tikatha kuswali timakhala limodzi, aliyense ali chete. Zimenezo zimandikwanira.

Mwina mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni mumandidula ndi nthabwala, kenaka mawu amaduka, nkhani n'kuthera m'malere. Pepala simungalidule pakamwa.

Ulendo uja munaimba foni, munali okondwa. Munati ngalande yadzaza kuposa zaka zonse, simukukangananso za madzi ndi a kumunsi, ndipo mwatsegula munda watsopano wa balere kutsidya. Munati ukwati umene bambo athu anamanga kuphiri wayamba kubala. Ine sindinayankhe. Ndikuyankha tsopano.

Za ukwatiwo sindinaiwale, ngakhale inu munali kumsana. Mudzi unali pa ludzu. Bambo ndi anzawo anapita kuchigwa china kukatenga ayezi wamkazi, woyera uja, kuti adzamukwatitse kwa ayezi wamwamuna wathu, wakuda wa miyala. Anamusenza m'madengu osatula pansi, osalankhula ndi munthu njira yonse, monga mwambo ufunira. Ndinawaona akudutsa pamudzi, amayi atanditseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisawaitane. Anakamuika m'phanga, namufunditsa makala ndi mankhusu, shehe n'kupemphera. Zimenezi sindizinyoza, ndipo mwana wanga Marziya sazinyoza.

Koma ntchito yake mukuidziwa. Amayeza ayezi wa m'mapiri ndi zithunzi zimene makina a mumlengalenga amajambula akamadutsa pamwamba pa dziko. Nditamufotokozera za madzi anu, sanakondwe nanu. Anasiya chakudya, nandiitanira pa kompyuta yake. Anandionetsa chigwa chathu monga chimaonekera kwa chiwombankhanga: chithunzi cha chaka chimene mayi ake anatisiya, ndi china cha mwezi uno.

Poyamba ndinangoona zoyera ndi zotuwa. Ndinamuuza kuti andipezere thanthwe lija lalikulu ngati nyumba, pamene tinkaikira ng'ombe mchere kubusa. Pa chithunzi chakale analipeza, lili pouma. Pa cha tsopano palibe. Pali nyanja. Ayezi wabwerera m'mbuyo, ndipo pamene wachokapo padzaza madzi obiriwira, aakulu kuposa minda yonse ya Brakthang. Inu simunawaone chifukwa chigumukireni njira ya kubusako palibe amene amakwerako.

Ndinamufunsa ngati madzi amenewo si ana a ukwati uja. Anandiyankha mofatsa kuti, "Ababa, si ana ake amenewo. Ndi thupi la ayeziyo likutha." Anati zaka zino dziko latentha, ndipo chipale chofewa chimene chimagwa sichikubwezera chimene dzuwa likudya. Anatinso chimene chagwira nyanjayo ndi mulu wa miyala ndi dothi, ndipo m'kati mwa muluwo mulinso ayezi. Ameneyo akasungunuka mulu udzaphwasuka, madzi onse n'kutsika pakamodzi atasenza miyala. Njira yawo ndi imodzi: khwawa limene mwamangamo nyumba yanu yatsopano.

Ndinamufunsa tsiku. Anati salidziwa, ndipo wonena kuti akulidziwa ndi wabodza. Mwina chaka chino, mwina patapita zaka. Koma nthawi yoopsa ndi ya kutentha kwakukulu, Julaye ndi Ogasiti. Choipa china n'chakuti mitambo ikaphimba mapiri makinawo saona kanthu, ndipo miyezi imeneyo mitambo imachuluka. Masiku a mitambo Marziya amabwera kuchokera kuntchito maso ali pa foni. Wawonda. Analembera a boma, iwo n'kuyankha kuti adzaika chida chochenjeza anthu, koma zigwa zodikira chidacho ndi zambiri.

Ndamva zimene munamuyankha atakuimbirani. Akuti munamufunsa ngati kumwambako amaonanso nkhuku zanu, kuti akuuzeni amene akukuberani mazira. Munatinso kamtsikana kamene kankalira powoloka ngalande lero kakuphunzitsa akulu za madzi. Iye anaseka nanu, poti ndinu bambo ake aang'ono ndipo analeredwa. Ataika foni pansi analowa kuchipinda, ndipo sanatulukemo msanga. Wakutsina khutu ndi mnansi, Rozi. Mwanayu palibe chimene apindule nyumba yanu ikakhala yopanda anthu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ukwati wa mwana wathu Hajira mwauika mukakolola balere, ndipo imeneyo ndi nthawi yoopsa yomwe ija. Alendo a mbali zonse adzadzaza m'nyumba ya kukhwawa, makanda ndi nkhalamba zomwe, ng'oma ndi zitoliro zikulira moti phokoso la kuphiri palibe adzalimve. Musamuke kutentha kusanakule. Mupite kunyumba yanga ya pamtunda, inu, alamu, ana ndi ziweto, ndipo ukwati ukachitikire komweko.

Ndikudziwa chimene munene. Mudzati nyumbayo ndi yakale, ya mwaye, yotalikira msewu, ndipo akuchimuna adzayesa kuti mwasauka. Ayese. Mudzatinso anansi a m'khwawa adzakusekani kuti mwathawa chithunzi. Akatha kuseka muwauze kuti bwalo la pamtunda ndi lalikulu, nawonso malo alipo.

Mudzakumbukanso kuti ndinalumbira kuti nyumbayo isatsegulidwe, chichokereni mayi a Marziya. Ndinaterodi. Za lumbirolo ndasala kudya monga chipembedzo chinenera, ndipo imeneyo ndi nkhani yanga. Kiyi ali m'kansalu kamene ndamangirira ku kalata ino. Mayur woyendetsa galimoto akupatsani pamanja. Zovala za malemu ndi chopotera ubweya chawo zili momwe anazisiyira. Alamu azisonkhanitse, aziike m'bokosi la kuchipinda cha kuseri. Musandiuze momwe mwazipezera. Denga la khola muliyang'ane, linkadontha.

Marziya akufuna kudzayeza nyanjayo ndi anzake, ndipo ine ndidzabwera naye ku ukwati, Mulungu akalola. Tsono mumve bwino. Mukakana kusamuka ndidzabwerabe, ndipo ndidzayala mphasa yanga m'nyumba ya kukhwawa pamodzi nanu, chifukwa sindingagone pamtunda mng'ono wanga ali kumunsi. Marziya ndamuuza kale. Anandiyankha kuti, "Ababa, ndiye inenso mundiyalire pomwepo." Si mwana wonena mawu n'kuwabweza. Mulingalire zimenezo.

Madzi akapanda kubwera, mudzandiseke pamaso pa alendo onse. Mudzanene kuti mkulu wanu tawuni yamudya mtima, wayamba kuopa mthunzi wa phiri limene linamulera. Ndidzakhala pansi n'kumamva, osayankha. Chaka chamawa mudzandisekenso. Kuseka kwanuko ndiko ndikufuna.

Bambo athu anasenza katundu wawo ali chete chifukwa mwambo unatero. Ine ndinatengera iwo, ndipo mwakhala mukundidandaula moyo wonse kuti mawu anga ndi osowa. Katundu uyu yekha ndalephera kumusenza chete.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kalatayi muwawerengere yonse, osadumpha. Moni kwa mlongo wathu Kulsum ndi ana ake, kwa azakhali ngati akumvabe, kwa mwana wathu Hajira, ndi kwa adzukulu onse. Marziya akupereka moni kwa bambo ake aang'ono. Akuti nkhuku sanazione, koma denga lanu amaliona, ndipo amayamba kufuna lomwelo chithunzi chikafika.

Mulungu akusungeni. Yankho mumupatse Mayur pobwerera.

Ndine mkulu wanu,
Shukur Ali

Loko wakhalitsa osatsegulidwa. Muthire mafuta musanapotoze kiyi, angathyoke.