Ankanditchula Lampje

Eindhoven, 9 Novembala 1983

Okondedwa achimwene a Bouziane,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ku Midar konko. Pepani zilembo zikuluzikuluzi, mumva chifukwa chake.

Ndakhala ndikukunamizani. Ntchito inatha mu Juni. Zaka khumi ndi zinayi ndinali pa tebulo limodzi m'fakitale, kuyesa timababu timene timayaka pa wailesi ndi pa makina, tating'ono ngati nyemba. Kofiira, kobiriwira, aka kayaka, aka kafa, tsiku lonse. Kababu kotere kuno amati lampje. Ndi mawu oyamba a Chidatchi omwe ndinaphunzira, ndipo kapitawo wathu, Sjef, anawasandutsa dzina langa. "Lampje, changu!" Ndinkangoseka nawo. Nanga ndikanatani?

Chaka chatha maso anayamba kuchita nkhungu. Ndinabisa. Tsiku lina ndinadutsitsa mabokosi atatu a timababu takufa. Sjef anandiimika pamaso pa anthu onse, n'kukweza kamodzi m'mwamba.

"Kakuyaka kapena ayi?"

"Kakuyaka, bwana."

"Kopanda waya? Ndiye kuti dzanja langali lili ndi magetsi?"

Onse anafa nacho chiseko, ndi akwathu omwe. Dokotala wa kampani anati vuto ndi ukalamba, osati ntchito. Ukalamba, ine wa zaka makumi anayi! Potsanzikana anandipatsa keke ndi khadi. Mlamu wanu Tamimount anakapempha mayi woyandikana nafe kuti amuwerengere. Akuti, "Zabwino zonse, Lampje." Anasainapo anthu makumi awiri, koma wolemba dzina langa lenileni, Allal, panalibe.

Ana akana zobwerera kumudzi. Wamkuluyo, Hayat, anandiuza m'maso muli gwa: "Ababa, uko ndi kwanu, kwathu ndi kuno." Mayi wawo sangawasiye. Choncho ndibwera ndekha pa 20 Disembala, pa sitima yofikira ku Melilla.

Chonde, kudoko mudzabwere nokha, ndipo mudzayandikire ndithu chifukwa patali sindidzakuzindikirani. Tikamadzalowa m'nyumba mudzandinong'oneze pomwe amayi akhala, ndidzalunjike pomwepo osafufuza ndi manja. Tsiku loyamba lokha asadziwe.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwapsompsone pamphumi, muwauze kuti mwana wawo akubwera kudzawaona.

Ndine mng'ono wanu,
Allal