Mlandu wa ku Koleji

Lachinayi. Kwazizira, tsiku lopanda zambiri.

Pa buleki kuntchito, a Tembo, anzathu a ku Zambia, anayambitsa nkhani ya wosewera mpira wa ku Amereka amene ligi yamuimitsa chifukwa anaphwanya malamulo ali ku koleji. "Mlandu suwola, mlongo," anatero. Ine ndinati koleji inamulanga kale, ligi ikufunanso chiyani? Mawu anga anakwera, mpaka iwo anandiyang'ana modabwa.

Ndabwerera kumene ndimakhala ku Tyrrelstown, kuno ku Ireland, fomu yolembetsera unamwino ikadali patebulo. Pali funso loti kodi ndinalangidwapo pa maphunziro. Kwathu anandiimitsa temu yathunthu nditalembera mnzanga mayeso, ndipo kuno palibe akudziwa. Ndayankha mafunso onse kupatula limenelo. Mwina mawa.