Chipinda cha Amayi Chaima pa Dzenje Langa

Chelstone, Lusaka

Achemwali Mwanaima,

Salamu alaikum. Muli bwanji ku Salimako? Miyendo ya amayi ikutupabe? Ine kuno ndili moyo, kungoti dzuwa la pa sayiti landiwotcha ngati chimanga choiwalika pa mbaula. Kalatayi ndapatsira ba Katongo, dalaivala wa thiraki, chifukwa foni ya pakhomopo imagona m'thumba mwa achimwene Abdulkadiri, ndipo akaona dzina langa amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa.

Ntchito ndi yomwe ija yokanya simenti. Ndikugona m'kachipinda konga khola la nkhunda, ndi Mbemba wina dzina lake Chibesa. Amaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, koma mtima wake ndi wabwino, amandigawira sopo.

Tsono nkhani ndi iyi. Achimwene ananditumizira chithunzi cha chipinda chimene aphatikiza ku nyumba yathu, ati ndi cha amayi. Chakongola ndithu, malata waliwali. Koma nditaona mtengo wa papaya uja pakona, ndinawazindikira malowo. Achemwali, chipindacho chaima pa dzenje langa.

Mukulikumbuka. Bambo atamwalira, achimwene anandichotsa mu Sitandade 6, ati mutu wanga ndi wa nthabwala, bola manja agwire ntchito. Pamenepo ndi pomwe ndinakumba dothi loumbira njerwa za nyumba yonseyo, mpaka ndikaima m'kati mumangoona chipewa. Kenako tinakwirira ndi zinyalala, phulusa, zitsononkho, ndi mbuzi ija inafa yokha. Pamwamba pakuoneka pouma. Pansi ndi phala.

Sindikulota ayi, ndaziona kuno. Ku Woodlands tikuwonjezera zipinda pa nyumba ya bwana wina. Omanga oyamba anachita chimodzimodzi, kuika maziko pa dothi lothira n'kumangirira khoma latsopano ku lakale. Dzinja limodzi lokha, chipinda chinayamba kupatukana ndi nyumba ngati banja lokangana, mng'alu wake wolowa dzanja. Injiniya wathu, mayi wina ba Yande, anatigwetsetsa chonse. Anati tikumbe mpaka piki izibwerera, maziko akhale otambalala, okhala ndi zitsulo m'kati, ndipo khoma latsopano liime palokha, pasiyidwe kampata, kuti nthaka ikagwedezeka makoma asamenyane mitu. Nditawauza kuti kwathu ndi pa makande, kufupi ndi nyanja, komanso pansi pali dzenje lokwirira, anandifunsa akuseka kuti adzagonamo ndani. Nditati mayi anga, anasiya kuseka.

Amayi eni ake amakamba za chivomezi cha 1989, mmene mbale zinkavinira pa thandala ndi nyumba za anthu kung'ambika. Nthawi imeneyo anali ndi miyendo, anathawira panja inu muli kumbuyo. Lero kuchoka pa bedi kufika pa chitseko amapuma panjira. Nthaka ikadzatakasukanso, chidzayamba kugwada ndi chipinda chimenecho, ndipo chidzakoka ndi khoma lakale lomwe.

Ndinawaimbira achimwene kuwauza zonsezi. Anandifunsa kuti ndakhala injiniya liti, ine wothawa sukulu. Wothawa, ati. Iwo omwe anatenga yunifolomu yanga n'kumapukutira njinga. Anati mmisiri wawo anaponda pansi ndi phazi n'kupeza kuti m'polimba. Phazi, achemwali. Ndinawayankha kuti mbuzi ija nayo ili pansipo, aifunse. Anadula foni.

Ndikudziwa kuti pakhomopo ine ndine woseketsa anthu pa ukwati basi. Ndikalankhula zenizeni mumadikira pomwe pali poseka. Apa palibe. Paja wamisala anaona nkhondo.

Pempho langa ndi limodzi. Bedi la amayi lisalowe m'chipinda chimenecho. Inu achimwene amakumverani. Ngati nanu mukukayika, tengani chitsulo, muthire madzi pakona ya papayayo, mukhome. Mudzaona mmene chidzalowere osafunsa njira. Achimwene akakakamira kuti chipinda amangacho ndi cholimba, palibe chokangana. Asamukiremo iwowo ndi akazi awo, amayi atenge chipinda cha achimwenewo cha m'nyumba yakale, choima pa nthaka yomwe sindinaikumbe. Muwauze zimenezi amayi ali pomwepo, ndipo achimwenewo muwayang'ane kumaso. Mundilembere zomwe adzayankhe.

Moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka m'miyendo ali m'kathumba kamene kabwera ndi kalatayi. Moni kwa amalume, kwa alamu Shamsiya amene sanandilakwire kanthu, ndi kwa ana anu onse. Achimwene muwapatse moni wotsala.

Ndine mlongo wanu,
Abdulla, mwini dzenje