Akufuna Kundisokera Chigamba M'bondo

Aphungu,

Ndine telala, ndipo makina anga ndi opondera. Bondo lamanja latha. Adokotala akuti kafupa kofewa ka m'kati, kofanana ndi ka khutu, kaperepeseka, ndiye mafupa akungokhulana.

Anandifunsa ngati ndingalowe m'kafukufuku. Ine kuona chovala choyera ndimangoti “eya”, moti pepala ndinasaina osawerenga. Anandidula kachidutswa m'bondomo, akuti akakachulukitse, kenako makina awo aumbe kafupa katsopano. Kunyumba ndinanama kuti angonditenga magazi.

Sabata yatha namwino anandionetsa makinawo pawindo. Mayo ine! Kasingano kakuyenda uku ndi uku, kulavula phala loyera m'mbale, mzere pamwamba pa mzere. Akuti, “Izotu ndi zanu, mayi, ndi zamoyo.” Thupi langa likukula m'mbale, mwiniwake ndili panja!

Ine chigamba chikakhota ndimaphwasula n'kusokanso. Nanga cha m'bondo adzaphwasula bwanji? Opaleshoni ndi Lachinayi likudzali, bambo a ana sakudziwa kanthu, ndipo ndikuopa kuti mwendo ukauma makina anga sindidzawapondanso. Ndithawe?

E.N., kuseri kwa msika

Mayi E.N.,

Kasitomala atakuponyerani nsalu osatchula muyeso, mungaidule? Ndiye munasainiranji osawerenga? Komabe mtima pansi, madzi sanafike m'khosi.

Zili m'mbalezo zisakusowetseni mtendere. Ndi tizidutswa topanda maso, topanda nzeru, sitikudziwani n'komwe. Choopsa chenicheni mwachitchula nokha: njira imeneyi idakali yoyesera, ndipo palibe angalumbire kuti chigambacho chidzagwira.

Lero lomwe auzeni bambo a kunyumba. Akalipa, inde, koma kuli bwino akalipe pano kusiyana n'kudzamvera pakhomo la wodi. Mawa mupite nawo kuchipatala, mukapemphe pepala lija, akuwerengereni m'chinenero chomwe mumamva. Funsani kuti ayika kale anthu angati, ndipo anthuwo akuyenda bwanji. Funso lanu la kuphwasulalo ndi labwino kwambiri, mukalifunse momwemo. Mufunsenso kuti zikavuta adzakusamalani ndani, komanso ngati pali chithandizo china.

Kusaina si ukaidi. Pa kafukufuku munthu amaloledwa kubwerera, ngakhale m'mawa wa Lachinayi lomwelo. Koma musathawe mwakachetechete, bondolo likufunikabe dokotala.

Akakuyankhani momveka, sankhani ndi mtima umodzi. Akayamba kuzemba, kapena kukufulumizitsani kuti “nthawi yatha, mayi”, dzukani muzipita. Wodzayendera mwendo umenewo mpaka kukalamba ndi inuyo, osati iwo.