Sopo Wako Ndamutaya M'chimbudzi

Dorika mwana wanga,

Sopo wako uja ndamutaya m'chimbudzi lero m'mawa, ndipo mwana wako Pilira sakundiyankhula. Ndati ndiyambe ndi zimenezi, moni abwere pambuyo. Uli bwanji ku Joniko? Kuno ku Bembeke tilipo, kungoti mawondo anga ndi chisanu cha Juni sizimvana. Amayi ako akutsokomola monga amachitira chaka chilichonse.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sundimvera. Ndikangoti chikanga, iwe wayamba kale kulira, mayunitsi n'kutha.

Chikanga chija chamubwereranso Pilira. M'khosi, mopindika mikono, kuseri kwa mawondo. Khungu lauma mpaka kung'ambika. Akukanda mpaka magazi. Sabata ino kusukulu sanapite, anzake akumuthawa pabenchi, ati ndi mphere. Si mphere. Adokotala adatiuza kuti sichipatsirana.

Adokotala omwewo adati mankhwala opaka paokha sakwanira, tifufuze chimene chimachiputa, tizichotsa chinthu chimodzichimodzi n'kuona. Ndiye tavutika, mwana wanga. Tidamuletsa mazira. Palibe chidasintha. Tidamuletsa usipa, kenako nsinjiro, mwana n'kumadya mpiru wamadzi ndi mchere ngati ali pa Lenti. Mphaka tidakampereka kwa a Bonifasio, pano makoswe akutithera chimanga, chonsecho mphakayo alibe mlandu. Madzi otentha kwambiri tidasiya, chinkhupule tidasiya. Amayi ako amamudzoza vaselini wosanunkhira akangotuluka kubafa, zikhadabo timamuwenga. Izizi zidathandizako.

Amene adatulukira chomuputacho ndi amayi ako. Adandifunsa ngati ndaona kuti a Misheck akangofika ndi katundu wako, sabata siitha mwana wayamba kudzikanda, sopo akatha khungu n'kupola. Ine ndidakana. Ndidati sopo wodula chonchi, wochokera kwa mayi wake, angamupweteke bwanji? Komabe sopoyo tidamukiyira m'sutikesi. Mwana adachira, khosi kusalala bwinobwino. Adokotala titawasonyeza sopoyo adangonunkhiza n'kuti ameneyu ayi.

Nanga chabwereranso bwanji, sopo ali wokiyidwa?

Lero amayi ako pochapa yunifolomu apeza kachidutswa m'thumba, kokulunga m'pepala la shuga. Pilira adakabenthula tisanakiye. Sasambira ayi. Amangodzipaka kouma, m'khosi ndi m'mikono. Wayamba zimenezi kuchokera tsiku udanena pafoni kuti chaka chino subweranso.

Ndamufunsa mokalipa. Wandiyankha kuti kamanunkhira ngati amayi, kuti tsiku udakwera basi pa Dedza udamukumbatira ukununkhira choncho. Akuti kuyabwako alibe nako ntchito.

Ine ndapsa mtima. Ndanyamula sopo yense ndi kachidutswa komwe, n'kukaponya m'chimbudzi iye akuona. Sanalire mokweza. Wangoti agogo mwataya amayi anga, n'kukakhala kuseri kwa khola la nkhumba.

Ndatopa, Dorika. Msinkhu wangawu si wolimbana ndi mwana wa Sitandade 3 pankhani ya sopo. Khungu tingathe kulisamala, vaselini ali pagolosale pompa. Chinacho ine sindingathe.

Ndiye tamvera. Sopo ndi mafuta onunkhira usatumizenso. Majuzi aubweya ajanso ayi, amamulasa. Umuimbire Lamulungu tikatuluka ku Misa, umuuze ndi pakamwa pako kuti sopoyo amamupweteka, ine sandimveranso. Umuuzenso mwezi umene ubwere, mwezi weniweni, osati "posachedwapa" wako uja. Ngati zikukanika ndithu, uwapatse a Misheck chitenje chako chakale chimene umafunda, usachipopere chilichonse. Mwina chimenecho chingamugwire mtima osamutupitsa khosi.

Upereke moni kwa mlongo wako Gibson, umuuze kuti akadali ndi makolo. Ambuye akusunge kumeneko.

Amayi ako akundiitana, mbatatesi ikuzizira. Akuti Pilira wanena kuti adya ine ndikachokapo. Ndipite ndikadye msanga, mwana angakhale ndi njala chifukwa cha ine.

Ndine bambo ako,
Gerevazio