Mphini za Tsaya Limodzi

Msakambewa, Dowa
14 Ogasiti 1924

Wokondedwa mlongo wanga Tabita,

Kaya mwadzuka bwanji ku Halaleko, iwe, alamu a Isake ndi mwana wathu Susana? Kuno tili bwino. Chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo mpaka mwezi watha amayi ankangodandaula mawondo monga mwa masiku onse.

Ukukumbuka anzathu akutinena kuti ndife ana a kapolo, opanda kwathu? Amayi anagwidwa pankhondo ya Angoni ali kamtsikana, ndipo za kwawo sankazikamba. Ine zinkandichititsa manyazi. Ndikuululire lero: pondilemba uphunzitsi ndinanama kuti ndife Angoni.

Mwezi watha abusa anandipatsa buku lakale la ubatizo kuti ndilikopere. Ndinapezamo amayi atalembedwa kuti Rakele, mwana wa Mlangeni. Mlangeniyo ndi yemwe anawagwira. Wolemba anafunsa za bambo, monga achitira Azungu, amayi n'kungotchula mwini nyumba imene anakuliramo. Za mayi wawo palibe anafunsa, chonsecho ife mtundu timauwerenga kuchikazi.

Ndinafufuza buku la ophunzira za ubatizo, lakale kuposa lija. Mmenemo munali dzina lawo lobadwa nalo, Ndaziona, ndi mawu akuti wa kuphiri la Ntchisi.

Ndinanyamuka osawauza. Masiku atatu ndinafunsa mudzi ndi mudzi za mtsikana wa mphini tsaya limodzi, zija tinkaziseka tili ana. Kufupi ndi Malomo mayi wina, dzina lake Marita, anasiya kupeta n'kukhala pansi. Anati mng'ono wake anamutema tsaya limodzi, linalo anati atema mawa, ndipo m'mawa mwake nkhondo inafika. Anamulira maliro mpaka kumeta.

Nditawauza amayi, anandikalipira kuti ndine wamwano, kenako anafunsa kuti tinyamuka liti. Mawondo aja anaiwalika. Atakumana, a Marita anangowagwira tsaya, onse awiri akulira ndi kuseka. Inenso ndinalira, usandiseke.

A Marita ananditchulira amayi athu anayi, kubwerera mpaka kwa Nambewe amene anayamba kulima dambo lakumeneko. Onse ndawalemba. Anationetsanso manda a agogo ndi munda wawo, umene wakhala tsala zaka zonsezi. Mtima wanga wakhala pansi, Tabita.

Tsono pempho langa ndi ili. Achibale akuti mundawo ndi wa amayi ndi mwana wawo wamkazi. Ine ndangoyenda ulendo, ana anga ndi a kwa mkazi wanga. Ukapanda kubwera mvula isanagwe, aupereka kwa wina, ndipo amayi akadzatisiya tidzakhalanso alendo. Uwapemphe bwino a Isake akuperekeze. Amayi akana kubwerera kuno. Akuti ayamba kusosa, ndipo makasu asulitsa atatu: lawo, lako ndi la Susana.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo Susana umuuze kuti kwawo ndi ku Ntchisi.

Ndine mlongo wako,
Yeremiya